Kabolodi ka ESP32 kakafika pa Uliwa, chotchinga ndi bandulo

Wachinyamata wa pa Uliwa, pamsewu wa M1 kumwera kwa boma la Karonga, akakwanitsa kuitanitsa kabolodi ka ESP32 amayesa kuti zovuta zatha. Amakalumikiza ku laputopu, n'kutsekula pulogalamu ya Arduino IDE, n'kupita pa Tools kenako pa Board, koma dzina la kabolodi kakeko osalipeza. Ambiri amathera pomwepa, poganiza kuti awagulitsa chakufa. Chikhalirecho kabolodiko n'kabwinobwino. Chasowa ndi mafayilo oti pulogalamuyo ikazindikire, ndipo ine ndikuti mafayilowa aziyenda pamanja, wina kupatsira mnzake pa fulashi, osati aliyense kuwotcha bandulo yake payekha.

Arduino idayambira mumzinda wa Ivrea ku Italy mu 2005, pofuna kuti ophunzira omwe si mainjiniya azitha kulamula magetsi, mota ndi masensa. Bolodi yake yotchuka, Uno, ili ndi chipi cha ATmega328P chosunga pulogalamu yosaposa makilobayiti 32, ndipo Arduino IDE siivutika kuizindikira. ESP32 ndi ya kampani ina, Espressif ya ku Shanghai, idatuluka mu 2016, ndipo ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth mkati momwemo. Machipi awiriwa samva chilankhulo chimodzi. Zili ngati pamsonkhano pomwe mlendo akulankhula Chichewa pamaso pa agogo omva Chitumbuka chokha: popanda womasulira, mawu abwino amangogwera pansi. Womasulirayo ndiye amene mumakatenga pa Boards Manager, khomo lomwe lidawonjezedwa mu 2015. Mumalemba dzina la bolodi, kusankha phukusi la Espressif, n'kudina Install. Dzinalo likapanda kutuluka, monga zimakhalira ndi kabolodi kena ka ESP8266, mumayamba mwapita pa Preferences n'kuika adiresi ya phukusilo pamalo olembedwa Additional boards manager URLs.

Pofotokoza zimamveka zachidule, koma phukusi la ESP32 ndi la mamegabayiti mazanamazana, chifukwa limabwera ndi zida zomasulira za machipi angapo a banja limenelo. Amene adakonza njirayi ankaganizira munthu wa intaneti yosaduka. Kuno munthu amatenga intaneti pa foni, ya Airtel kapena TNM, bandulo n'kumatha akuona, ndipo netiweki ikagwa kapena batire la laputopu likatha magetsi atazima, ntchito imaimira panjira. Komatu zonse zotsitsidwazo zimakakhala mufoda imodzi yotchedwa Arduino15, yomwe pa Windows imabisala mkati mwa AppData. Mmodzi akatsitsa bwinobwino, fodayo ingakoperedwe pa fulashi n'kuikidwa pa makompyuta ena a Windows, ndipo bolodi imaoneka pamndandanda popanda intaneti. Wina anganene kuti uku n'kuba mapulogalamu. Ayi ndithu: Arduino IDE ndi phukusi la Espressif adazitulutsa mwa chilolezo choti aliyense azikopera ndi kugawa. Chofunika kusamala n'chakuti foda ya pa Windows siigwira pa Linux, komanso ndi bwino kulemba nambala ya phukusilo pa fulashipo, chifukwa malangizo olembedwera phukusi lakale nthawi zina amakana pa latsopano.

Pali tinthu tinanso tomwe timagwetsa anthu mphwayi phukusi litalowa kale. Zingwe zambiri za USB zogulitsidwa pamsika n'zongotchajira foni, mulibe mawaya otumizira uthenga, moti kabolodi kamayaka nyale koma kompyuta osakaona. Mabolodi otsika mtengo amakhalanso ndi kachipi ka CH340 kapena CP2102 komwe kamafuna dalaivala yake, kafayilo kakang'ono koyenera kukhala pa fulashi yomweyo. Mabolodi ena amafuna kuti mupanikize batani la BOOT pamene pulogalamu ikuyamba kulowa. Ndipo timiyendo ta ESP32 timagwira ndi mavoti 3.3, osati 5 ngati Uno. Mukatipatsa oposa apo mukhoza kuwotcha chipi.

Funso lolemera kwambiri ndi lakuti: bwanji osangogula Uno n'kupewa zonsezi? Kwa woyamba kumene, wofuna kuthwanimitsa nyale ndi chitsanzo cha Blink, ndikuvomereza kuti Uno imakwanira, ndipo imapirira zolakwitsa za wophunzira. Koma taganizirani za sikimu ya mpunga ya Hara kufupi ndi Uliwa, kapena ya Wovwe, komwe kuchuluka kwa madzi mu ngalande ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Sensa yoyeza madzi ikalumikizidwa ku Uno, pamafunikanso kugula china chotumizira uthenga. ESP32 imatha kuutsa Wi-Fi yakeyake, mlimi n'kuima pamphepete pa ngalande n'kuwerenga muyezo pa foni yake, popanda intaneti kapena bandulo. Mamegabayiti aja mumalipira kamodzi, phindu lake n'kukhalitsa.

Ena amati izi n'zoseweretsa za ana a m'tauni, pamene kumudzi anthu akulira feteleza. Sindikupeputsa kulira kumeneko. Koma William Kamkwamba wa ku Kasungu adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo chifukwa buku loyenera lidapezeka mu laibulale yaing'ono pafupi ndi kwawo. Luso anali nalo kale, chidamuthandiza n'chakuti chidziwitso chidafika pomwe iye akadatha kuyenda wapansi. Masiku ano buku lokha silikwana, pafunikanso mafayilo. Mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ya ku Chilumba, kapena wokonza mafoni pa Uliwa amene amadziwa kale kuwotcherera mawaya, angathe kusunga fulashi yokhala ndi Arduino IDE, foda ya Arduino15 ndi madalaivala aja, pamodzi ndi chingwe chimodzi choyesedwa kale kuti chimatumiza uthenga. Wopita ku Mzuzu, komwe intaneti yabwino imapezeka mosavuta, angamaitenge fulashiyo kukaikamo zatsopano kamodzi pa teremu.