Loya wa banki si wanu: samalani pogula nyumba pangongole

Aliyense wogulitsa mumsika wa Lilongwe, kaya ndi wa kaunjika, wa matemba kapena wa hadiweya, amalakalaka chinthu chimodzi: tsiku lina adzasiye kulipira lendi. Ndiye geni ikayamba kuyenda, munthu amathamangira kubanki kukafunsa ngongole ya nyumba. Apa mpamene ambiri amagwira njakata, osati chifukwa banki yawabera ayi, koma kaamba koti adalowa m'nkhaniyi opanda loya wawowawo.

Banki ikavomera kukukongozani imakhala ndi loya wake. Ntchito ya mkuluyu nkulemba chikole, kuti mukadzalephera kubweza, banki idzathe kugulitsa nyumbayo. Bilu yake kawirikawiri mumalipira ndinu, koma bwana wake ndi banki. Naye wogulitsa nyumba akakuuzani kuti musavutike, ali ndi loya wake amene apange zonse, dziwani kuti ameneyo ndi wakedi. Nanga inuyo akukuyang'anirani ndani?

Ena amati za maloya nzongotaya ndalama. Aaa, abale, munthu wokana kugula belo ya kaunjika osaiona chizindikiro, eti agule nyumba ya mamiliyoni pongomva pakamwa?

Vuto lake nlakuti malo a m'matauni athuwa sali pamuyeso umodzi. Mapuloti ambiri ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi mbali zina za Area 25 ndi aja amati a THA. Adadutsa m'manja mwa Malawi Housing Corporation asadapite kukhonsolo ya mzinda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Eni ake ambiri ali ndi kalata yongowapatsa puloti basi, title deed alibe. Mwinanso puloti idagulitsidwa kale kawiri katatu koma m'mabuku a khonsolo mukadali dzina la agogo amene adaipeza poyamba, omwe adatisiya kalekale. Ku Chinsapo ndi ku Mgona ndiye nkhani ina: malo ambiri amagulitsidwa ndi kalata ya amfumu ndi mboni ziwiri. Kalatayo imathandiza pamudzi, koma banki siilandira ngati chikole. Loya wodziwa za malo adzakuuzani zimenezi tsiku loyamba, musadalipire ngakhale tambala.

Ndiye mumusankha bwanji?

Yambani ndi chiphaso. Loya weniweni amatenga chiphaso chogwirira ntchito chaka ndi chaka, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya ololedwa. Funsani cha chaka chino, osachita manyazi. Suti ndi chikwama si umboni. Madobadoba ozungulira pakhoti ndi pamaofesi a za malo amatchena kuposa maloya enieniwo. Loya wachiphaso akakudyerani ndalama, kuli kokadandaula kubungwe lawolo ndipo angathe kulangidwa. Dobadoba akathawa, mungotsala ndi nambala ya foni yosayankhidwa.

Kenaka mufunseni ngati ntchito za malo amazichita kawirikawiri. Loya amene adapulumutsa mlamu wanu pamlandu wa ndewu angakhale katswiri ndithu, koma za kaundula wa malo nzina. Muuzeni akufotokozereni zimene achite. Wodziwa ntchito adzayamba nkunena za kukafufuza kukaundula ku Unduna wa za Malo, kapena kukhonsolo ngati ndi puloti ya THA: dzina lolembedwa pamalowo ndi la ndani, kodi nyumbayo siili kale pachikole kubanki ina, kodi palibe wina adaikapo chiletso. Adzatchulanso ngongole za ma city rates ndi lendi ya malo, chilolezo chosinthira umwini, kalata ya MRA yotsimikiza kuti wogulitsayo alibe ngongole ya msonkho, ndi msonkho wa sitampa. Akangoti zimenezo tidzaona, nyamukani.

Pa nyumba yamasiye ndiye chenjerani zedi. Mwana woyamba kubadwa alibe mphamvu yogulitsa nyumba ya malemu bambo ake chifukwa choti ndiye akusunga makiyi. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wogulitsa ayenera kuonetsa chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Popanda chimenecho, mudzangoona alongo ake atulukira kuchokera ku Joni ndi samani, inu mukubweza ngongole ya nyumba yomwe simukugonamo.

Za ndalama nazo zimveke bwino. Dipoziti yanu isapite m'thumba mwa wogulitsa kapena ejenti mapepala asadalongosoke. Ipite kuakaunti ya ofesi ya loya yosungira ndalama za makasitomala, mulandire lisiti yadzina la ofesiyo. Osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya kalaliki, ayi. Malipiro a loyayo akulembereni papepala, asiyanitse ake ndi a boma, kuti pasadzakhale kuti mwaiwala kenakake, onjezerani.

Funsaninso kuti ntchitoyo itenga nthawi yaitali bwanji, ndipo mtengo wa nyumba aumange m'pangano lolemba. Tonse tikukumbuka November 2023 pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti. Amene adali pamgwirizano wapakamwa adakaona wogulitsa atasintha mtengo ngati wa tomato. Mu 2024 chiwongoladzanja cha Reserve Bank chidafika 26 peresenti, ndiye ganizani cha mabanki enawa. Fayilo yanu ikamagona mudirowa ya loya waulesi, amene akutuluka thukuta ndinu. Loya wanuyo akuwerengereninso pangano la bankilo m'Chichewa, makamaka pamene akunena za kusintha kwa chiwongoladzanja ndi zimene zichitike mukadumphitsa miyezi, poti geni ili ndi January wake.

Tsiku lolandira makiyi, itanitsani kope la pepala la kukaundula loonetsa dzina lanu. Chikalata chenichenicho chikhala kubanki mpaka mutamaliza ngongole. Mukadzamaliza, mudzabwererenso kwa loya akafufutitse chikole chija m'kaundula, apo ayi ana anu adzapeza nyumba ikuonekabe kuti ili pangongole.