Zilembo zikasokonekera pa tchati cha mitengo ya mbewu

Alembi a magulu a alimi kuno ku Ulongwe amakonza tchati cha mitengo ya chimanga ndi mbatatesi pa PowerPoint kuti akaonetse kumsonkhano. Koma nthawi zina akatsegula pa kompyuta ina, pamene analemba ŵ pamatuluka kabokosi, ndipo manambala a meticais amathithikana ndi a makwacha. Mlimi akawerenga mtengo molakwika, angagulitse mbewu zake motchipa.

Vutoli limayamba chifukwa mtundu wa zilembo umene munasankha mulibe mu kompyuta yachiwiriyo. Choncho imaikapo mtundu wina, womwe ungakhale wotambalala kapena wopanda ŵ.

Kuti mupewe zimenezi, sankhani Arial kapena Times New Roman, chifukwa zimapezeka pa makompyuta ambiri ndipo zili ndi ŵ, ã ndi ç. Dinaninso pa tchati chenichenicho n'kusintha zilembo zake, popeza kusintha mutu wokha sikukhudza za mkati mwa tchati.

Mukamaliza, sungani kope lina ngati PDF, chifukwa limayenda ndi zilembo zake. Msonkhano usanayambe, tsegulani pa kompyuta imene mudzaonetserepo, muwerenge mtengo uliwonse.