Ma Robert, Sitima ya Mphumu pa Zambezi

Lero titsetsereke mapiri a ku Angónia, tidutse Moatize, tikaime pagombe la Zambezi ku Tete. Chaka ndi 1858, mwezi wa Seputembala. Kumunsi kwa mtsinje kwatulukira utsi, ndipo pansi pa utsiwo pali sitima yoyendera nthunzi, yoyamba kufika pano. Dzina lake Ma Robert. Mwini ulendo ndi David Livingstone.

Mmene inkaonekera timadziwa chifukwa cha Thomas Baines, katswiri wojambula ndi utoto, yemwenso ankasunga katundu wa paulendowo. M'chithunzi chake china, sitimayi ili pamadzi osaya a mtsinje wa Shire, chumuni chake chili njo, pafupi pake njovu. Ukachiona umati, chilombo cha sitima ichi!

Koma utoto umakometsa zinthu. Sitimayi inapangidwa ku Birkenhead, m'litali mwake mamita pafupifupi 23, ndipo inabwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa kumathiriro a Zambezi. Mphamvu inalibe. Katundu yense sinkatha kumusenza kamodzi, moti inkachita kubwerezabwereza maulendo, kwinaku ikukoka bwato. Nkhuni ndiye inkadya mosakhuta. Amuna ankatha tsiku lonse ndi theka akugwetsa mitengo, kuwaza ndi kusenza, zonsezo kuti iyende tsiku limodzi lokha. Ikatitimira pamchenga, ankatsikira m'madzi n'kumaikankha, m'mtsinje wa ng'ona umenewu. Kupuma kwake kwa befu kunachititsa eni ake omwe kuitcha ya mphumu.

Pofuna kupeputsa ntchito ya nkhuni, Richard Thornton, wodziwa za miyala, anakumbako malasha pafupi ndi Tete. Inde, dera lomwelo limene lero malasha ake amadzaza sitima za panjanji zopita ku Beira ndi ku Nacala.

Mu Novembala 1858 mathithi a Kebrabasa anaitsekera njira, pamalo pomwe pano pali damu la Cahora Bassa. Apa m'pamene Livingstone anatembenukira ku Shire.

Baines sanakhalitse. Mu 1859 anachotsedwa ntchito pomuganizira kuti ankasowetsa katundu, mlandu umene iye anaukana mpaka imfa yake. Sitimanso inali itayamba kutha: dzimbiri linaboola zitsulo zake, anthu n'kumangokhalira kukapa madzi ndi kumata mabowo. Mu Disembala 1860 inatitimira pamchenga kumtunda kwa Sena n'kumira, ndipo apaulendowo anapitiriza pa mabwato.

Zithunzi zambiri zimene Baines anajambula pa Zambezi zikusungidwa ku Royal Geographical Society, mumzinda wa London.