William Koyi, Munthu wa Theka la Talente

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, pakhomo pena pamamveka nthungululu, pena pamangoti zii ngati pagwa maliro. Amene akhoza bwino amayamba kulota za maphunziro apamwamba, pamene amene zawavuta amabindikira m'nyumba poganiza kuti alibenso chimene angapindulire dziko kapena mpingo. Aphunzitsi nawonso nthawi zina amagwa mphwayi akaona kuti thukuta lawo silikubala zipatso msanga. Kwa onsewa, mbiri ya William Koyi ili ndi mawu owalimbitsa mtima, pakuti iye adaonetsa kuti Chikhristu chenicheni chimaoneka m'makhalidwe a tsiku ndi tsiku, osati m'kuchuluka kwa masatifiketi.

Koyi adabadwa m'chaka cha 1846 pakati pa anthu a mtundu wa Axhosa, m'dziko limene lero likutchedwa South Africa. Paubwana wake sadapondeko m'kalasi. Adakula akugwira ntchito zamanja: adayendetsapo ngolo za ng'ombe, adatsukapo ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, kenaka adagwira ntchito ku Port Elizabeth. Atatembenuka mtima, adamva ludzu la maphunziro, ndipo m'chaka cha 1871 adakalowa sukulu ya mishoni ya Lovedale ali kale bambo wa zaka 25. Pamsinkhu umenewo ambiri akadachita manyazi kukhala pabenchi limodzi ndi anyamata, koma iye adadziwa kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

M'chaka cha 1876 mkulu wa Lovedale, Dr James Stewart, adapempha ophunzira kuti ena adzipereke kukathandiza mishoni ya Livingstonia, imene idali itangokhazikitsidwa ku Cape Maclear m'chaka cha 1875. Koyi ataimirira, sadadzitame konse. Pokumbukira fanizo la matalente la pa Mateyu 25, adanena kuti iye adali ndi theka chabe la talente, komabe adali wokonzeka kupita ngakhale kukangotema nkhuni ndi kutunga madzi. Adasankhidwa pamodzi ndi anzake atatu: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Mwa anayiwa, Mngunana adamwalira m'chaka cha 1877, Wauchope adabwerera kwawo chifukwa cha matenda, Ntintili nayenso adabwerera patapita zaka zochepa. Amene adatsala pantchito mpaka imfa adali yemwe uja wa theka la talente.

Tsono theka la talentelo lidali chiyani? Poyamba, lidali chiyankhulo cha makolo ake. Angoni a Zwangendaba, amene adawoloka Zambezi m'chaka cha 1835, adachokera kummwera komweko, motero chiyankhulo chawo chinkafanana kwambiri ndi Chixhosa. Pamene Dr Robert Laws ndi amishoni anzake ankasowa poyambira, Koyi ankatha kukhala pabwalo ndi kucheza ndi nduna popanda womasulira. Ndiye adali mkamwa ndi makutu a Laws pamene adakaonana ndi Inkosi M'mbelwa m'chaka cha 1879. Chinthu chimene Koyi adachiyamwira m'bere, chimene mwina sankachiwerengera n'komwe, ndicho chidatsegula khomo limene maphunziro a madokotala a ku Scotland sakadatha kulitsegula.

Koma chiyankhulo chokha sichikadakwanira. M'chaka cha 1882 Koyi adakakhazikika pa Njuyu, pafupi ndi phiri la Hora m'boma la Mzimba. Masiku amenewo adali a nkhondo pakati pa Angoni ndi Atonga a kunyanja, kumene mishoni idali itasamukira, pa Bandawe, m'chaka cha 1881. Inkosi M'mbelwa ndi nduna zake adakana kuti sukulu itsegulidwe, poopa kuti ana akaphunzira adzayamba kukana nkhondo. Ndiponso ankafuna kuti amishoni achoke kwa Atonga, adzakhale kwa iwo okha. Kwa zaka zinayi Koyi adakhala pakati pawo wopanda sukulu yovomerezeka, wopandanso ndi munthu mmodzi yemwe wobatizidwa. Chimene adali nacho chidali khalidwe lake. Ankadziwa mwambo wa pabwalo ndi ulemu woyenera mafumu. Ankamvetsera madandaulo awo mosatopa, ndipo akawopsezedwa sankabwezera ukali kapena kuthawa. Sankanamiza Angoni pofuna kukondweretsa Azungu, kapena kunamiza Azungu pofuna kukondweretsa Angoni. M'kupita kwa nthawi Angoni adampatsa dzina loti Mtusane, pomuona kuti adali mkhalapakati weniweni.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'zaka zomwezo anyamata ena, monga Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, ankabwera usiku mobisa kudzaphunzira kuwerenga. M'chaka cha 1885 Dr Walter Elmslie adafika pa Njuyu, ndipo m'chaka cha 1886 mafumu adalola kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo udampeza Koyi ali gone pamphasa, akudwala kwambiri, ndipo adamwalira pa 4 June 1886 ali ndi zaka 40. Sadaone sukulu imene adaidikira nthawi yonseyo. Sadaonenso ubatizo wa Mawelera ndi Makara m'chaka cha 1890, amene adali Akhristu oyamba kubatizidwa m'dziko la M'mbelwa. Iye adalima ndi kubzala, okolola adali ena. Elmslie, amene adamuona m'masiku ake otsiriza, adalemba za iye mwaulemu waukulu m'buku lake la Among the Wild Ngoni la m'chaka cha 1899, ndipo patapita zaka zambiri Sinodi ya Livingstonia idatcha nyumba yake ya alendo ku Mzuzu dzina la William Koyi.

Koyi sadadzozedwepo ubusa, ndipo ntchito yake yaikulu siidachitikire pagome la m'tchalitchi. Idachitikira pabwalo la milandu, panjira ndi pakhonde la nyumba. Kumenekonso ndi kumene chikhulupiriro cha wachinyamata wa lero chimayesedwa. Chimayesedwa pamene mtsikana wogulitsa m'golosale wapatsidwa ndalama yopitirira ndi nkhalamba yosaona bwino. Chimayesedwa pamene mnyamata wofuna ntchito wauzidwa kuti apereke kangachepe kapena agule satifiketi yachinyengo. Chimayesedwanso pamene mphunzitsi watumizidwa kusukulu yakutali, kopanda nyumba yabwino, kumene palibe womuona akalowa m'kalasi mochedwa kapena akasiya makope osachonga. Kuimba kwaya Lamulungu n'kwabwino, koma anthu amadziwa Mkhristu pa zimene amachita kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

Motero wophunzira amene mayeso sadamuyendere bwino asakwirire pansi chochepa chimene ali nacho, monga adachitira kapolo waulesi wa m'fanizo lija. Kaya ndi luso la manja, kaya ndi lilime lodziwa kuyanjanitsa okangana, kaya ndi kukhulupirika pa ndalama za eni, chimenecho ndicho talente yake. Mphunzitsi amene sakuona zipatso lero akumbukire kuti anyamata ophunzira usiku pa Njuyu aja adali ochepa, koma mmodzi wa iwo, Mawelera Tembo, adadzakhala mtsogoleri mumpingo ndi mpeki wa nyimbo zotamanda Mulungu m'Chingoni. Mwini munda sadzafunsa kukula kwa khasu. Adzafunsa ngati mwini khasulo adalimira.