Waya Woyesedwa Bwino Amadumpha Phiri la Mulanje

Boma la Phalombe lili m'tsinde mwa mapiri aŵiri, Michesi ndi Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa njotalika mamita 3,002. Mapiri otere amatchinga mafunde a FM ndi a telefoni ya m'manja, pakuti mafunde amenewo amayenda molunjika. Mafunde a shortwave satero ayi. Iwo amakwera kumwamba nakagunda thambo lotchedwa ionosphere, ndi kutsikira kutseri kwa phiri. M'boma limene napolo wa m'Marichi 1991 ndi namondwe Freddy wa mu 2023 anakokolola misewu ndi milatho, nkhani imeneyi si yamaseŵera.

Wailesi yolankhulirana anthu wamba, yotchedwa amateur radio, imangofuna batire, mlongoti ndi chilolezo cha MACRA. Dzina loitanira la wailesi yotere m'Malaŵi limayamba ndi 7Q. Koma mphamvu yake yagona pa mlongoti.

Mlongoti wosavuta kupanga ndi dipole, umene Heinrich Hertz anagwiritsa ntchito ku Germany mu 1887. Ndi mawaya aŵiri ofanana otambasulidwa mbali ziŵiri, osakhudzana pakati, ndipo chingwe chochokera ku wailesi chimalumikizidwa pakatipo. Utali wake wonse umapezeka pogaŵa 143 ndi nambala ya MHz. Wolankhula pa 7.1 MHz afunika mamita 20, ndiye kuti mamita 10 mbali iliyonse. Usiku, pamene mafunde a 3.6 MHz ndiwo amayenda bwino pakati pa malo oyandikana, afunika pafupifupi mamita 40. Mwa masamu omwewo, omvera akale a MBC pa 3380 kHz akanafunika mamita 42, ngakhale kuti wongomvera aliyense waya wongoponya pamtengo amamkwanira. Wolankhula ndiye sangachite mwachisawawa, chifukwa waya wosayesedwa amabweza mphamvu ku wailesi ndi kuitenthetsa. Wanzeru amadula waya motalikitsako, nafupikitsa pang'onopang'ono mbali zonse ziŵiri mofanana.

Ambiri amaganiza kuti mlongoti wokwera kwambiri ndiwo wabwino. Zimenezo nzoona kwa wofuna London. Wofuna kumveka ku Blantyre kapena ku Zomba ali ku Migowi amange waya wake mamita 5 kufikira 10 kuchokera pansi, kuti mafunde alunjike kumwamba ndi kugwera pafupi.

Tsono pali kanthu kamene kamaiŵalika, ndiko balun. Mbali ziŵiri za dipole nzofanana, koma chingwe cha coax sichotero: chili ndi waya wa m'kati ndi ukonde wachitsulo womkuta. Zikangolumikizidwa popanda balun, magetsi ena amatsika kunja kwa ukondewo, chingwe nichisanduka mlongoti wachiŵiri. Chimatola phokoso la zipangizo za sola za m'nyumba, mawu amatuluka osamveka, ndipo nthaŵi zina maikolofoni amaluma mlomo.

Dipole wamba amafuna balun ya 1:1, popeza ma ohm ake, pafupifupi 70, sali kutali ndi ma ohm 50 a chingwe. Ya 4:1 njoyenera dipole wopinda paŵiri, wa ma ohm 300. Wopanda ndalama angathe kukulunga chingwe chomwecho kakhumi monga nkhata, m'mimba mwake masentimita 15, pafupi penipeni ndi pamene chakumana ndi mawaya. Nkhata yotere imathandiza pa 7 MHz ndi 14 MHz, koma pa 3.6 MHz njofooka, ndipo pamafunika kukulunga chingwecho pa mphete ya ferrite. Polumikizirapo pamatidwe bwino kuti madzi asaloŵe, ndipo mvula ya mphezi ikayandikira chingwe chizulidwe ku wailesi.