Buku la kumunda la Thomas Jefferson

Ambiri amayesa kuti ife ofufuza mbiri yakale timangoloweza zaka ndi mayina a mafumu. Ayi ndithu. Ntchito yathu ndi kuyerekeza zomwe munthu ankalankhula ndi zomwe ankachita, ndipo umboni wa zochitazo umabisala m'mapepala osakoma kuwerenga: malisiti, mabuku a ngongole, mawilo a chuma cha masiye.

Mu 1776 Thomas Jefferson analemba chikalata cholengeza ufulu wa dziko la America, chonena kuti anthu onse analengedwa ofanana. Anakonzanso bilu yoti ana a ku Virginia aziphunzira ulere zaka zitatu, ngakhale sinadutse, ndipo mu 1819 anayambitsa University of Virginia. Zoti maphunziro ankawakonda kuchokera pansi pamtima, ine sindikayika. Koma biluyo inkakamba za ana a mfulu okha, ndipo njerwa za yunivesiteyo zinaumbidwa ndi manja a akapolo.

N'chifukwa chake ndimatsegula Farm Book, buku lomwe ankalembamo za minda yake, kuphatikizapo Monticello. Muli mayina a akapolo, zaka zawo zobadwa, nsomba ndi mabulangeti omwe ankawagawira. Pa moyo wake anakhalapo ndi akapolo oposa 600. Kuyambira mu 1794 anyamata a zaka 10 mpaka 16 ankasula misomali pa Monticello, mwiniwake n'kumayeza chitsulo kuti adziwe amene akuwononga. Ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, chifukwa ana awa ndi amsinkhu womwe iye ankati uyenera kuphunzira.

Ena amati tisamuweruze, nthawiyo zinali choncho. Mawu oterewa sitimangowameza. Timafufuza ngati analipo anzake a nthawi yomweyo omwe ankaona mosiyana. Analipo. Mu 1791 Benjamin Banneker, mfulu yachikuda yodziwa za nyenyezi, anamulembera kalata yomukumbutsa mawu ake a mu 1776. Mu 1814 Edward Coles, mnyamata wa ku Virginia komweko, anamupempha kuti atsogolere ntchito yothetsa ukapolo. Jefferson anakana, namulangiza kuti asachoke ku Virginia. Coles sanamvere: mu 1819 anamasula akapolo ake ali pa ulendo wa ku Illinois.

Jefferson anamwalira pa 4 July 1826 ngongole ili m'khosi. Wilo yake inamasula amuna asanu okha, ndipo mu January 1827 anthu 130 analengezedwa pamalonda kuti ngongoleyo ibwezedwe. Joseph Fossett, wosula zitsulo, anali mmodzi wa asanu aja. Mkazi wake Edith anagulitsidwa, ana awonso anagulitsidwa, kuphatikizapo Peter wa zaka 11.