MPWEYA WA NDOWE: CIFUKWA CIANI SUNAFALE M'MIDZI MWATHU?

Anthu a ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma adziwa bwino m'mene nkhuni zasowera. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene ucokera mtsinje wa Lilongwe, inadulidwa kwambiri ndi ootcha makala, kotero kuti m'caka ca 2015 Boma linatumizako asilikari kukailonda. Koma ulipo moto wina wosafuna mtengo. Ndiwo mpweya wa ndowe, umene ena auchula bayogasi.

Kapangidwe kace nkotere. Amanga nkhuti ya njerwa ndi simenti pansi pa nthaka, yotseka bwino. M'menemo athiramo ndowe zosakaniza ndi madzi muyeso wofanana. Ndowezo zikamaola popanda mphepo zitulutsa mpweya woyaka, umene uyenda m'paipi kufika ku khichini. Ku India ndi ku China mabanja ambirimbiri aphikira mpweya wotere. Nanga kwathu kuno cabvuta nciani?

Coyamba ndi ng'ombe. Banja limodzi lisowa ndowe za ng'ombe zitatu kapena zinai tsiku ndi tsiku. Ambiri a ife tiribe ng'ombe, ndipo zimene ziripo zimaswera ku dambo, ndowe zace nkutayika komweko.

Caciwiri ndi madzi. Ndowa iri yonse ya ndowe ifuna ndowa ya madzi. M'mwezi wa October, zitsime zitaphwa, nchitoyi igwera amai amene atopa kale ndi mitunda.

Cacitatu ndi ndalama. Simenti, mapaipi ndi mbaula zigulidwa nthawi imodzi, pamene nkhuni munthu angotola kapena kugula pang'ono-pang'ono.

Cacinai ndi amisiri. Nkhuti ikang'aluka pang'ono pokha mpweya uthawa, ndipo ngati wokonza ali kutali mwini wace angoisiya. Dziwaninso kuti m'miyezi yozizira ya June ndi July ndowe zicedwa kuola, ndipo mpweya ucepa.

Cacisanu cikhudza iwo ofuna kuyendetsera galimoto. Mu mpweya wa ndowe, gawo loyaka, lochedwa methane, lingoposa theka pang'ono. Kuti ukhale biomethane, wolowa m'malo mwa petulo, ayenera kuucotsa mpweya wosayaka, cinyontho ndi cinthu cina conunkha cimene cidya zitsulo, kenaka nkuupanikiza m'mabotolo acitsulo. Makina ace ngodula, ndipo apindula pokhapo pamene ndowe kapena zinyalala zicuruka kwambiri tsiku liri lonse.

Ena aopa kuti munda udzasowa manyowa. Iai, zotsalira zoturuka m'nkhutimo ndi manyowa abwino ndithu a cimanga ndi ndiwo za ku dimba.

Cotero inu amene musunga ng'ombe za mkaka kapena nkhumba m'khola, ndipo madzi muli nao pafupi, ndinu oyenera kuyamba. Werengani ziweto zanu, pimani mtunda wa ku citsime, ndipo kambiranani ndi Mlangizi wanu musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi.